Mudzi Wathu wa pa Malire: Mau a Mlembi pa Tsiku la Chikumbutso

 

Pamene tinakhala pansi kukonza za tsiku la lero, amayi a m'komiti anati, "Inu alembi, alendo akabwera adzafuna kudziwa kuti afika pati. Muwauze za malo athu ano." Ine ndinayesa kukana, pakuti sukulu yanga inathera Sitandade 8, ndipo za mapu sindizitha bwino. Koma anandifunsa kuti, "Kodi munabadwira kuti?" Ndinati konkuno. "Nanga munakwatiwira kuti?" Ndinati konkuno. Basi mlandu unathera pomwepo. Tsono zimene ndinene lero, zina ndaona ndi maso anga, zina ndinamva kwa anganga anga, ndipo zaka zimene nditchule ndachita kufunsa kwa aphunzitsi ndi kwa akulu kuti ndisakunamizeni.

Ndiyambe ndi njira imene mwadzera. Inu amene mwachokera ku Lilongwe mwadutsa pa Dedza, mwasiya njira ya ku Bembeke kumanzere, mwapitiriranso pa Masasa pamene pamapatukira mseu wotsikira ku Golomoti, ndipo mwatsika pa Lizulu. Inu a ku Blantyre ndi ku Balaka mwapitirira boma la Ntcheu, mwakwera mtunda, mwadutsa pa Biriwiri, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Mlangeni. Mudzi wathu uli pang'ono pokha kuchokera pa msika wa Lizulu, cha kumunsi kwa phiri la Mlanda. Ndi mudzi waung'ono ndithu, woti munthu akafuula kumtunda a kumunsi amayankha. Boma lathu ndi Ntcheu, ngakhale kuti ku Dedza ndiko kufupi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ena a inu simunachidziwe muli m'basimo. Mseu waukulu uja wa M1, umene mwayendamo, pano ndiwo malire a dziko. Munthu akamachokera ku Ntcheu kulinga ku Dedza, kudzanja lake lamanja ndi Malawi, kudzanja lamanzere ndi Mozambique, boma la Angonia, m'chigawo cha Tete. Palibe mtsinje woti muoloke, palibe mpanda, palibe waya. Nkhuku yathu imadya chimanga ku Malawi m'mawa nkukapalasa ku Mozambique masana, ndipo palibe amene amaifunsa chiphaso. Akulu mpaka lero akamanena za tsidya lija la mseu amati "kwa Apwitikizi", chonsecho Apwitikiziwo anachoka mu 1975 pamene Mozambique analandira ufulu.

Ndili mwana ndinkadabwa kuti kodi anthu anaganiza bwanji kuika malire pakati pa midzi chonchi. Aphunzitsi ndiwo anandimasulira. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana zogawana dziko, ndipo kuno kwathu anati malire atsate msana wa mtunda, pamene madzi amagawikana. Taonani amayi, mvula ikagwa pano, madzi ogwera kum'mawa amatsikira ku chigwa cha Bwanje, m'mitsinje monga Livulezi, nakathira m'nyanja ya Malawi. Madzi ogwera kumadzulo amatsata mitsinje ya ku Angonia, nakalowa mu Revubwe, ndipo Revubwe amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mtambo ndi umodzi, koma madontho ake amasiyana pamsana pomwepa osadzaonananso msanga. Ndiye mseu nawonso unatsata msana womwewo, pakuti pamsana sipafuna milatho yambiri. Azungu aja anayang'ana madzi, sanayang'ane anthu. Anthu anali kale-kale mbali zonse ziwiri, akukwatirana ndi kuikana maliro.

Chifukwa chokhala pamsana wa mtunda, kuno kumazizira. Inu a ku Salima ndi ku Chikwawa ndakuonani m'mawa muja mukufunda zitenje ziwiri-ziwiri, ndipo sindikukusekani ai. Mu Juni ndi Julaye nkhungu imatha kutseka phiri lonse mpaka dzuwa kukwera, ndipo m'madambo nthawi zina mumagwa chisanu chowauka nacho masamba a nyemba ndi mbatata. Mwana wakhanda wobadwa miyezi imeneyo timamsamala ngati dzira. Koma kukayera bwino, makamaka mvula ikangotha kumene, mukakwera pamtunda nkuyang'ana kum'mawa mumaona chigwa chonse chili phee pansi panu, ndipo kutali-tali nyanja ili mbuu. Nchifukwa chake mishoni ya anzathu a Seventh Day ku Mlangeni anaitcha Lake View. Kumpoto kuli phiri la Dedza, ndipo kumadzulo, mkati mwa Mozambique, kuli phiri la Domwe.

Phiri la Domwe limenelo tisalipitirire, pakuti ndipo pagona mbiri ya kuno. Angoni a kwa Maseko, atayenda maulendo ao ataliatali, anadzakhazikika ku Domweko cha m'ma 1870, malire asanalembedwe. Dziko lao linali lonseli, kuno ndi uko. Ngakhale dzina loti Lizulu akulu amati linachokera ku mau a Chingoni akuti Lizwe la Zulu, ndiye kuti dziko la Azulu. Inkosi Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1896. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani, ndiye anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma la atsamunda. Apolisi atabwera pa Lizulu kudzamgwira, iye ali wodwala, anthu ake anamuolotsa malire omwewa pamodzi ndi mbusa wina Mngelezi, Michael Scott. Koma Apwitikizi anawabweza, ndipo Inkosi inamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. Anganga ankati masiku amenewo amayi sanatuluke kukatunga madzi chifukwa cha mantha. Ndanena izi kuti mudziwe kuti malo amene mwapondawa, ngakhale akuoneka a kabichi ndi anyezi, anaonapo zazikulu.

Anganga angawo anabadwira tsidya lija. Mishoni ya Mlanda inatsegulidwa mu 1902 ndi amishoni a Dutch Reformed, ndipo mu 1909 amishoni omwewo anatsegula ina uko ku Angonia, pamalo otchedwa Mphatso. Koma mu 1922 Apwitikizi anaitseka, amishoni nachoka. Kuyambira pamenepo Akhristu a kumeneko, akafuna ubatizo kapena mgonero, ankayenda pansi kubwera kuno. Anganga ankasimba kuti ankanyamuka Lachisanu, ufa pamutu, mwana kumbuyo, kudzera njira za m'tchire, nkudzagona m'makomo mwa anthu a kuno amene sanawadziwe nkomwe. Pa ulendo wina wotere ndipo anaonana ndi agogo aamuna. Motero ine amene ndaima pano ndine wa mbali ziwiri. Manda a makolo a amayi anga ali ku Mozambique, manda a makolo a bambo anga ali ku Malawi, ndipo kuchokera manda awa kufika manda awo munthu amayenda osapuma panjira.

Si ine ndekha ai. Mutafunsa amayi a kuno amene akhala mbali iyi kuti amene alibe mbale tsidya lija aimike dzanja, sindikhulupirira kuti manja angakwane asanu. Chilankhulo ndi chimodzi, kungoti ife timati Chichewa, iwo m'mabuku mwao amati Chinyanja. Ngoma timavina imodzi. Kusiyana kumayamba mwana akalowa sukulu, pakuti wathu amaphunzira Chingelezi, wao amaphunzira Chipwitikizi. Ana a mng'ono wanga amene anakwatiwa uko akabwera kudzacheza, amawerenga ndalama m'Chipwitikizi, anga nkumangoyang'ana kukamwa.

Tsono ndifike pa zaka zimene sindidzaiwala. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula ku Angonia, makamaka kuyambira 1986, anthu anayamba kuoloka mseu uja osati kudzagula mchere, koma kuthawitsa moyo. Ine ndinali mtsikana wa zaka 14. Usiku wina tinamva mfuti kuyambira pakati pa usiku mpaka tambala woyamba. Amayi anatilowetsa pansi pa bedi, iwo nakhala tsonga pakhomo. Kutacha, pabwalo pathu panali anthu oti sindinathe kuwawerenga. Ena ananyamula mphika wokha, ena mwana yekha, gogo wina anabwera ndi mpini wopanda khasu, osadziwa kuti wautenga bwanji. Pakati pao panali azakhali a amayi anga, mapazi atang'ambika, ndipo mwana wao mmodzi sanaoneke. Anamfuna masiku atatu. Tsiku lachinayi anapezeka kwa anthu ena ku Mlangeni, atatsatira gulu lina mumdima. Kulira kumene analira amayi ake pomuona ndimakumvabe m'makutu.

M'nyumba mwathu, ya zipinda ziwiri, tinagona anthu 17 kwa miyezi ingapo. Bambo anga anasamukira m'khitchini. Pambuyo pake mafumu anapereka malo, ndipo timanyumba ta udzu tinamera mbali ya kuno ya mseu, tothithikana ngati bowa, kuyambira ku Dedza mpaka ku Biriwiri ndi ku Tsangano. Mbali inayo kunali zii. Masitolo amene tinkagulako nsalu anasanduka mabwinja, makoma ali zibowo-zibowo za zipolopolo, udzu utamera m'kati. Munthu umaima pa mseu nkuona mudzi wako uli apo, mitengo ya mapichesi ikubala, koma osatheka kupitako. Ena njala ikawapweteka ankazemba usiku kukakumba mbatata m'minda yao, ndipo si onse amene anabwerako.

Akuti dziko lonse la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo maboma a Ntcheu ndi Dedza anali m'gulu la amene analandira ambiri. A Red Cross ankagawa ufa, nyemba, mafuta ndi mchere. Pano ndinene zoona, pakuti ndi tsiku lokumbukira. Sikuti tonse tinali ndi mtima wabwino masiku onse. Chaka cha chilala cha 1992, ife eni mudzi tinalibe chakudya, pamene alendo ankalandira ufa mwezi ndi mwezi. Mau oipa analankhulidwa pa chitsime. Ine ndemwe ndinanenapo mau amene ndimachita nawo manyazi. Koma madzulo ake azakhali aja anabwera ndi ufa m'kambale ataphimba ndi chitenje, naupereka kwa amayi osanena kanthu. Amene tinawasunga ndiwo anatisunga chaka chimenecho. Akulu sananame kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, ndipo mu 1993 ndi 1994 anthu ambiri anabwerera kwao. Ena anatsala, atakwatiwa kapena kukwatira kuno, ndipo ena mwa iwo akhala pakati pathu lero atavala yunifolomu ngati ife. Obwerera aja anapeza vuto lina, mabomba okwirira pansi. Kwa zaka zambiri tinkauza ana kuti tsidya lija asasiye njira yopondedwa, ndipo akaona chitsulo chachilendo asachigwire. Mu 2015 mpamene boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba achotsedwa.

Lero mukaima pa Lizulu tsiku la msika simungadziwe kuti panali zotere. Kusanache ngolo za ng'ombe zimakhala zayamba kale kulira m'njira, zochokera mbali zonse ziwiri, zitadzaza mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi, matimati, nyemba, nsawawa ndi karoti. Nthaka ya kuno ndi kuzizira kuja zimagwirizana ndi mbeu zimenezi, ndipo madimba sagona chaka chonse. Malole amadzanyamula kupita nazo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Inu a m'tauni, kachewere amene mumakazinga kwanu, kawiri-kawiri amakhala atadzera pano, ndipo wambiri amakhala wolimidwa ku Angonia. Ndalama zimayenda ziwiri, kwacha ndi metikashi, ndipo amayi a kuno, ngakhale amene sanapite ku sukulu, amasintha ndalamazo m'mutu msanga kuposa mwana wa ku sekondale. Mafoni nawo amasokonezeka. Uli pakhonde pako ku Malawi, foni nkukulandira kuti takulandirani ku Mozambique.

Ndaona ena mwabwera ndi zikwama zopanda kanthu, ndipo ndadziwa cholinga chake. Palibe choletsa. Kuoloka mseu kukagula pamphepete pomwepo anthu amachita tsiku ndi tsiku. Koma amene akufuna kulowa mkati, monga kupita ku Ulongwe kumene kale kunkatchedwa Vila Coutinho, adzere pa chipata cha boma, pa Biriwiri kapena pa Dedza, ndi zikalata zake. Musanyengedwe ndi anyamata a njinga zamoto akuti tikudutsitsani njira yachidule. Tsidya lija ndi dziko la eni, lili ndi malamulo ake ndi apolisi ake, ndipo chilankhulo cha mu ofesi mwao si chathu.

Msika umenewu ndiwo umatidyetsa, komanso ndiwo umatiliza. Basi ikaima, ana amathamanga ndi mabeseni pamutu kukaimika pa mawindo, osayang'ana kumanja kapena kumanzere, pamene malole akuluakulu akudutsa. Taika maliro a ana otere. Ndipo mtsikana akalawa ndalama ya pa mseu ali Sitandade 5, kumubweza m'kalasi ndi ntchito. Chondipweteka ine nchakuti sukulu ya sekondale ya atsikana ya Mlanda ili pompano, atsikana a maboma ena amabwera ndi masutikesi kudzaphunzira, pamene athu akuwagulitsa matimati pa siteji. Pamene makolo afuna kukwatitsa mwana wosakhwima, malire aja amasanduka pobisalira. Amangomuolotsa mseu kwa amalume ake, mafumu ndi aphunzitsi a kuno nkusowa pomugwira. Chaka chatha tinatsatira mwana mmodzi wotere, amayi anayi, mpaka kukakhala pansi ndi ankhoswe a kumeneko. Tinapita kawiri osaphula kanthu. Ulendo wachitatu tinatenga amayi anzathu a tsidya lomwelo, amene amadziwana ndi mfumu ya kumeneko, ndipo mwanayo tinabwera naye. Pano ali Sitandade 7. Koma alipo awiri ena amene tinalephera.

Vuto lina ndi la zikalata. Kale munthu ankadziwika ndi mfumu yake ndi mfunda wake, basi. Kuyambira 2017, pamene boma linalembetsa anthu ziphaso za unzika, zinthu zambiri zimafuna chiphaso. Zimenezo nzabwino, sindikutsutsa. Koma taganizani za mayi amene anabadwira uko, anabwera kuno ali mtsikana nthawi ya nkhondo, anakwatiwa kuno, wabala ana asanu ndi awiri kuno, mwamuna wake wagona m'manda a kuno. Uko dzina lake kulibe, pakuti mabuku anapsa. Kuno akuti si wa kuno. Ndinaperekeza mayi wotere ku ofesi ina, tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, ndipo pomaliza anatiuza kuti tibwere ndi umboni wa kumene anabadwira. Pobwerera m'minibasi anandifunsa kuti, "Alembi, nanga ine ndine wa kuti?" Ndinasowa chomuyankha. Ngati pakati pa alendo pali amayi amene amadziwa njira ya nkhani zotere, kapena amuna anu amagwira ntchito yotere, chonde tionane tikatha kudya. Maina ndili nawo m'kope, ndipo si amodzi.

Minda nayo ili chimodzimodzi. Dimba limene ine ndimalima linali la anganga, ndipo lili tsidya lija, pafupi ndi chipilala cha malire. Ndimapita m'mawa ndi khasu, ndimabwera madzulo ndi ndiwo, palibe amene anandiletsapo. Koma abambo akunyumba amandiuza nthawi zonse kuti, "Mayi, dimba limenelo musaliwerengere ana, pakuti tsiku lina adzakufunsani pepala." Ndimawatsutsa pakamwa, koma mumtima ndimadziwa kuti akunena zoona. Kuno malo achepa, anthu tachuluka, ndipo mabanja ambiri a mbali ino amadya za m'minda ya mbali iyo, ena yobwereka, ena ya makolo.

Chotsiriza ndi phiri lathu. Amene munabwera kuno kale mukukumbukira kuti m'mphepete mwa phiri munali mitengo ya masuku ndi tsamba yoti mwana ankaopa kulowamo yekha. Zaka za othawa nkhondo anthu tinachuluka kawiri, aliyense akufuna mitengo yomangira ndi nkhuni, ndipo nkhalango inatha. Sindikuloza chala alendo aja, pakuti iwo atapita ife tinapitiriza, ndi makala ndi uvuni wa njerwa. Kasupe amene mudzi wathu umamwa sankaphwa ndili mwana. Tsopano ikafika Okotobala timadzuka 3 koloko usiku kukadikira madzi ndi chikho. Popeza tili pamsana pamene madzi amayambira, palibe mtsinje wochokera kwina umene ungatithandize. Athu ndi omwe agwa pano. Ndiponso tikaononga ife, a ku Bwanje kumunsi amalandira mchenga ndi madzi osefukira m'minda mwao.

Nchifukwa chake pa chikumbutso chino tinagwirizana kuti m'malo mogula nsalu yatsopano ya pa tebulo, tifese mitengo. Nazale yathu ili kuseri kwa nyumba ino, ndipo mvula ikagwa tidzaoka kuzungulira kasupe uja. Amfumu atipatsa malo, ndipo amayi a tsidya lija, amene amatunga nafe pa kasupe yemweyo, alonjeza kubwera ndi makasu ao. Chimene chikutisowa ndi timachubu ndi zothirira ziwiri.

Amayi apampando, ndatalikitsa, mundikhululukire. Alendo amene mugone, mabulangete ali kwa amayi asungichuma, ndipo musachite manyazi kupempha lachiwiri. Amene mufuna kuona malire ndi maso, mawa tikatha kumwa tiyi ndidzakuperekezani ine ndemwe mpaka pa chipilala, tidzadzere pa kasupe, kenaka pa msika. Pooloka mseu tidzagwirane manja, ndipo za mitengo ya kachewere mundisiyire ine, pakuti akakumvani malankhulidwe a ku Blantyre adzakukwezerani.